Tsiku limene amayi anatsika basi pothawa mkamwini

Mdzukulu wanga wina amagwira ntchito yokonza za misewu m'tauni, ndipo akabwera kudzandiona nkhani yake ndi mabasi basi. Ati anthu asiye magalimoto kunyumba, azikwera basi limodzi, ena azipalasa njinga, utsi uchepe. Ati basi imagwirizanitsa anthu. Ine ndimangomuyang'ana ndi diso la m'mbali. Amalankhula ngati basi anaipanga ndi iyeyo, chonsecho ife tinaikwera iye asanalotedwe n'komwe, ndipo sitinkaikwera chifukwa chomvera chisoni mitambo.

Zimene ndikunenazi zinachitika m'zaka za Chitaganya, pamene azungu anamanga mayiko atatu ndi chingwe chimodzi n'kumatiuza kuti tsopano ndife amodzi. Ife pa pulazi ya fodya kufupi ndi Macheke, m'dziko la Halale, umodziwo sitinauone. Tinkangoona mabani oumitsira fodya, utsi ndi kapitawo. Ine ndinabadwira mu komboni momwemo. Amayi anachokera ku Nyasalande ali mtsikana potsatira bambo, ndipo bambo atamwalira anangokhala nafe, kanyumba kawo kuseri kwa yathu.

Amayi anali munthu wosavuta pa zambiri. Lamulungu ankatsogolera nyimbo kutchalitchi, Loweruka ng'oma za gule zikalira oyamba kuomba m'manja anali iwo, ndipo sankaonapo chovuta. Koma panali lamulo limodzi limene ankalisunga kuposa Malamulo Khumi onse mutawaphatikiza. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, salankhulana okha. Akakumana panjira, wina apatuke alowe patchire mpaka mnzake adutse.

Amuna anga anali munthu wamtali, wosonkha moto m'mabani, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Iwo anapeza nzeru yawoyawo yosungira lamuloli: kutsokomola. Akamachokera kuntchito ankayamba kutsokomola ali patali, amayi n'kunyamula kampando kawo kuthawira kuseri. Mawu onse ankadzera mwa ine. “Uwauze akamwini kuti denga langa likudontha.” Ine n'kutembenuka: “Akuti denga likudontha.” “Auzeni amayi kuti ndamva.” Anthu awiri akumvana bwinobwino, chipupa chaudzu chokha pakati pawo, ine ndili yakaliyakali ngati wa positi. Zinkanditopetsa, koma ndinkati ndi mmene dziko lilili.

Kenako maso a amayi anayamba kuchita mdima. Poyamba ankabisa, paja akuluakulu athu kudwala amakuyesa mlandu. Tinazindikira tsiku limene anagwada pansi n'kupereka moni wautali kwa chitsa, poganiza kuti ndi abusa. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma titapita nawo ku kachipatala ka mishoni kuseka kunatha. Asisitere anawaunika n'kupukusa mutu. Anati diso lamanzere lapita kale, lamanja mwina lingapulumuke ngati titafulumira kukaonana ndi dokotala wa maso ku chipatala chachikulu ku Halale. Dokotalayo ankaona anthu tsiku limodzi pa sabata, ndipo m'mawa mokha.

Inali nthawi youmitsa fodya, moto wa m'mabani suzima. Kapitawo anawalola amuna anga tsiku limodzi lokha, atawatukwana kaye mokwanira, ndipo ananena poyera kuti lachiwiri kulibe mpaka fodya atatha. Diso silikanadikira fodya. Ine tauni sindinkaidziwa, amayi ndiye osanena. Amene ankaidziwa anali amuna anga, poti anagwirako ntchito ya m'dimba la mzungu ali mnyamata. Choncho tinanyamuka tonse kukungocha: ine, mwana kumsana, amayi, ndi mkamwini wawo amene sankayenera kumuona.

Vuto linayambira pakhomo pomwe. Kuchoka mu komboni kukafika kumsewu waukulu kunali katalikatali ndithu, ndipo tinali ndi njinga imodzi. Ndinati amayi akhale pa keriyala, amuna anga apalase. Amayi anandiyang'ana ndi diso lawo limodzilo ngati ndatukwana m'tchalitchi.

“Iwe, ndigwire m'chiuno mwa ndani?”

Mapeto ake amayi anakhala pa keriyala, ine n'kumakankha njinga mwana ali kumsana, bambo wamphamvu zake ali patsogolo kutaliko akuyenda manja lendelende. Ndinawatukwana onse awiri chamumtima njira yonse. Njinga tinaisiya pa sitolo ya pamsewu.

Basi ya kumapulazi inali ndi ulemu wake. Kondakitala ankatidziwa ife Manyasalande ndi miyambo yathu, ndipo ankangoseka n'kuika amayi kutsogolo, amuna anga kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi nkhuku ndi matumba a mbatata. Tinadutsa tauni ya Marandellas bwinobwino, tinafika pa Musika, pothera mabasi a kumapulazi ku Halale, dzuwa lisanatenthe. Ndinayamba kudzitama kuti ulendo ukuyenda.

Basi ya m'tauni ndiye inalibe apongozi a munthu. Itangoima, khamu la anthu opita kumafakitale linaithira nkhondo, ena khomo lakutsogolo, ena lakumbuyo, zigongono m'nthiti, kondakitala akukuwa m'Chishona kuti tilowe, tisunthire kumbuyo: “Pindai, pindai! Swederai kumashure!” Amuna anga analowera khomo lakumbuyo kuti atalikirane nafe. Ine ndinakoka amayi kulowera lakutsogolo. Mayi wina ataona mwana kumsana kwanga anandikokera pampando, ndipo pomwepo dzanja la amayi linandipulumuka. Anthu anawakankhira m'kati, uyu kuwapatsira uyo, ngati chidebe chozimitsira moto, mpaka anakafika kumbuyo.

Zotsatirazi ndinazionera pakati pa makhwapa a anthu, khosi nditalipotokola. Amuna anga anali atapeza mpando wa pawindo. Pambali pawo panali mnyamata wina wovala ovololo, woleredwa bwino, Mulungu amukhululukire. Ataona gogo akudzandira anaimirira msanga n'kuwapatsa mpando.

“Garai pasi, ambuya.”

Amayi anakhala pansi n'kupuma mpweya wautali. Basi itagwedezeka anagwira bondo la munthu wa pambali pawo kuti asagwe, n'kulisisita pang'ono mothokoza. “Pepani mwanangu, ndakalamba.”

Mayo ine! Nkhope ya amuna anga sindidzaiiwala. Anauma gwa ngati nkhuni. Kumanzere windo, kumanja apongozi, dzanja la apongozi pabondo. Kothawira kunalibe, kulankhula sikuloledwa. Ndiye anachita chinthu chokhacho chimene ankachidziwa pa moyo wawo. Anatsokomola.

Amayi akanatha kusokoneza abusa ndi chitsa, koma chifuwa chimenecho akanachizindikira ngakhale pakati pa ng'ombe zolira. Anachotsa dzanja ngati agwira khala la moto, anadzambatuka, n'kuphimba nkhope ndi duku. Mwatsoka basi inali itangoima kumene pa siteji, khomo lakumbuyo lili pululu pafupi nawo. Kwa iwo nkhani inali yachidule. Wakumana ndi mkamwini panjira, upatuke ulowe patchire. Anatsika.

Amuna anga akanangotambasula dzanja akanawagwira nsalu. Akanangonena kuti “Amayi, imani,” akanaima. Koma iyayi, munthu waulemu. Anaimirira n'kukuwa kulunjika kutsogolo kwa basi kumene kunali ine:

“Mayi a mwana! Auzeni amayi asatsike!”

Mmene ndimati ndiimirire, ndikankhe anthu, ndikuwe kuti “Amayi!”, kondakitala anali ataliza kale belu. Basi inanyamuka. Pawindo ndinangoona kaduku kofiira kakuchepa m'mbali mwa msewu.

Ndinalira ngati pamaliro kuti dalaivala aime. Anandiyankha osatembenuka n'komwe kuti basi ya m'tauni si ngolo, imaima pa siteji pokha. Anthu atamvetsa chimene chachitika, basi yonse inafa ndi phwete. Bambo wina wa Chishona anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa, ati nawonso amawaopa apongozi koma osati mpaka kuwataya pamsewu. Ndikanakhala ndi dzanja lopanda ntchito ndikanamuwomba khofi.

Tinatsika pa siteji yotsatira n'kubwerera liwiro la mtondo wadooka, mwana akugunda mutu kumsana kwanga. Malowo anali a mafakitale okhaokha: mipanda ya waya, malole, njinga zambirimbiri, ngalande yaikulu m'mbali mwa msewu, ndi amayi angapo ootcha chimanga. Pa siteji paja panalibe munthu wa duku lofiira. Ndinachita mantha amene sindinawachitepo chibadwire. Munthu wosaona bwino, wosadziwa kuwoloka msewu wa magalimoto, Chishona chake cha mu komboni chongopemphera mchere. Ndipo dzuwa linkakwera, dokotala uja akuchepetsa mzere wake.

Tinagawana. Ine ndinalowera uku ndikufunsa aliyense, amuna anga analowera uko. Ndinkawaona patali, mutu pamwamba pa anthu onse, akupita, akubwerera, akusuzumira kuseri kwa mipanda. Nthawi inapita ndithu. Ndinayamba kuganiza za kupolisi ndi za kunyumba yachisoni.

Amene anatipulumutsa anali mayi wootcha chimanga, wonenepa, wa chipsera pachipumi. Anandikodola n'kundifunsa ngati ndikufuna gogo wa duku lofiira. Anati gogoyo anaima pa siteji pomwepo mwakachetechete ngati akudikira munthu, mpaka pamene kunatulukira bambo wamtali wachifuwa. “Bambo uyo apoyo. Akangodutsa akutsokomola, gogo wanu akusunthira kutali. Akadutsanso, akusunthiranso. Ine ndimayesa ndi wangongole.”

Ndinamvetsera. Zoonadi, kutsidya kwa msewu kunkamveka khoo, khoo, khoo. Bamboyo ankafunafuna apongozi ake, koma poopa kuwadzidzimutsa ankawachenjeza mwaulemu kuti akubwera, iwo n'kumabisala mwaulemu kuti adutse. Akanatha kusakana choncho mpaka Chitaganya kutha.

Chikwatiwire ndinali ndisanawakalipirepo amuna anga pagulu. Tsiku limenelo ndinayamba.

“Bambo a mwana! Tsekani pakamwa panupo! Mukatsokomolanso kamodzi ndikusiyani konkuno mukwatire basi!”

Anangoti kakasi pakati pa msewu, wanjinga wina n'kutsala pang'ono kuwagunda. Kutakhala bata ndinayamba kuitana ndekha, ndikutsata m'mbali mwa ngalande. Mawu anandiyankha kuchokera pansi, pamene ngalande imalowa kunsi kwa kamlatho. Amayi anali khale m'matope onunkha mafuta, nsapato imodzi palibe, duku lili kumaso. Pothawa komaliza sanaone kuti nthaka yathera pomwepo, anatsetserekeramo n'kubinya phazi. Linali litatupa kale.

“Apita?” anandifunsa monong'ona.

Ndinawakalipira. “Amayi, diso lanu likufa, inu muli kalikiliki kusunga mwambo mu ngalande ya azungu! Kodi mwambowo udzakutsogolerani kuchimbudzi mukachita khungu?”

“Usandilalatire iwe. Sindinabadwe kwa iwe.”

Ine ndi mayi wa chimanga uja tinawakoka n'kuwakhazika m'mbali mwa msewu. Kuponda sankatha. Basi inabwera yodzaza thothotho, anthu akulendewera pakhomo, inangotidutsa. Ina inabwera, chimodzimodzi. Chipatala chinkaoneka patali pakamtunda, choyera mbee, ngati chikutiseka. Amuna anga anali chiimire poteropo, atatifulatira, akuyang'ana mpanda wa waya ngati pali zolembedwa. Kenako anayankhula.

“Mayi a mwana, auzeni amayi kuti ndiwabereka. Ngati ndi mlandu, akuluakulu akandiweruze ku komboni.”

Sindinabwereze mawuwo. Ndinangoyang'ana amayi. Anatosatosa dothi ndi chala.

“Uwauze agwade chofulatira. Asatembenuke.”

Ndinamasula mwana, ndinamunyamula m'manja, chitenje chake n'kumangira amayi anga kumsana kwa amuna anga, mfundo ziwiri pachifuwa monga timachitira ndi khanda. Amayi analibe thupi, anangokwanira bwinobwino. Tinauyamba ulendo, bambo wamtali akuponya miyendo, gogo kumsana duku kumaso, phazi lotupa lili lendelende, ine pambuyo wefuwefu. Anyamata a panjinga ankaimba mluzu. Madalaivala a malole ankaliza mahutala. Wina anakuwa kufunsa ngati khandalo layamba kumera mano.

Musaganize kuti mwambo unathera pamenepo. Pakamwa pa amayi panali pa khutu penipeni pa mkamwini wawo, koma mawu ankadzerabe kwa ine.

“Iwe, uwauze akamwini achepetse kudumpha, sindine thumba la chimanga.”

“Akuti muchepetse kudumpha.”

“Auzeni amayi kuti pepani, tikuthamangira dokotala.”

“Akuti pepani.”

Tinayenda pang'ono.

“Iwe, msana uwu ndi mafupa okhaokha. Kodi umawaphikira anthuwa?”

Uthenga umenewo sindinaupereke, ndinayankha ndekha, ndipo zimene ndinayankha sizolemba m'buku. Ndinaona mapewa a amuna anga akugwedezeka. Ankaseka chamumtima, thukuta lili kamukamu.

Tinafika mlonda wa pakhomo la chipinda cha maso akuchotsa benchi, kusonyeza kuti mzere watsekedwa. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, matope, chitenje, duku, nsapato imodzi. Anafunsa kuti gogoyu ndi ndani wa bamboyu. Nditamuuza kuti ndi apongozi ake, anagwira pakamwa, anabweza benchi pamalo pake n'kutiuza kuti tikhale. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati basi, tapambana, diso lapulumuka.

Dokotala anali mzungu wachikulire wa manja ozizira. Anawaunika amayi ndi katochi nthawi yaitali, diso ili, diso linalo, kubwereranso. Kenako analankhula ndi womasulira motsitsa mawu, ndipo ndinadziwiratu poona mmene womasulirayo anakandira m'mutu. Anati si ng'ala yoti angaichotse. Ndi matenda a m'kati mwa diso, ndipo anayamba kalekale. Kuchedwa kwa tsiku limenelo sikunawononge kanthu, ngakhale tikanafika tambala asanalire yankho likanakhala lomwelo. Anatipatsa mankhwala odonthezera oti achedwetse mdimawo pang'ono, koma anati tisadzinamize, kuwala kumene kwatsalako sikufika dzinja linalo.

Ndinalira pomwepo pamaso pa mzungu, mamina ndi misozi, osachita manyazi. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zimandiwawabe. Amayi anangomanga duku lawo bwinobwino n'kufunsa womasulira ngati kuli wina angawamange phazi, poti abwera kale.

Pobwerera ku Musika tinakwera basi ya m'tauni yopanda anthu ambiri, aliyense pamalo pake. Basi ya ku Macheke tinaipeza ikudzaza, dzuwa litapendeka. Amuna anga anawakweza amayi pamasitepe, anawakhazika pampando wakutsogolo monga m'mawa, n'kutembenuka kuti azipita kumbuyo kwa nkhuku. Amayi anawagwira malaya.

“Akamwini, khalani apa.”

Pakamwa panga panatseguka pokha mwachizolowezi. “Akuti mukhale...”

“Iwe khala chete. Pakamwa ndili napo panga.”

Amuna anga anandiyang'ana ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Ndinawakankha ndi chigongono, anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, thako limodzi lili m'malere, nkhope ataipotolera kwina. Ine ndinakhala mpando wa kumbuyo kwawo ndi mwana.

“Tembenukirani kuno, kumene kuli dzuwa,” anatero amayi. “Mwamva zimene wanena mzungu uja. Mwandifolerera denga, mwandibalira adzukulu, lero mwandibereka. Ndikafika kumanda akandifunsa kuti mkamwini wako anali wotani, ndikanene kuti ndimadziwa chifuwa chake chokha?”

Anatembenuka pang'onopang'ono. Amayi anachotsa duku kumaso, anawagwira masaya ndi manja awiri n'kuwakokera pafupi, pafupi kwambiri, mpaka mphuno kutsala pang'ono kugundana, poti diso lamanja lija linkaona pafupi pokha. Anthu a m'mipando yoyandikana anasiya nkhani zawo. Ngakhale kondakitala, amene ankatidziwa bwino, anaima pakhomo pakamwa pali yasa. Amuna anga anali atatsinzina zolimba, thukuta likuyenderera m'khosi.

“Tsegulani maso. Wakhungu ndine, osati inu.”

Anatsegula. Amayi anawayang'ana pachipumi, m'maso, pamphuno, pachibwano, osafulumira, ngati akusankha nsalu m'sitolo ya Mmwenye. Kenako anapukusa mutu.

“Hmm. Mwana wangayu anandinamiza. Ankati ndinu ooneka bwino.”

Basi yonse inaphulika ndi kuseka, amuna anga nawonso, ine ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Dalaivala analiza injini, tinanyamuka. Ndinkayembekezera kuti tsopano amayi awasiya, koma sanawasiye. Panja pankadutsa nyumba zosanja, masitolo a magalasi, njanji, tauni yonse imene anali asanaionepo ndipo sanadzaionenso. Ndinawauza kuti ayang'ane pawindo. Sanatembenuke ngakhale kamodzi, anangoyang'anabe nkhope ya mkamwini wawo mpaka tinadutsa Marandellas.